Laser: Ngalawa Imene Liwiro Lake Siligulidwa ndi Ndalama

M'chaka cha 1969, pamene amuna awiri a ku Canada, Ian Bruce ndi Bruce Kirby, analikukambirana pa lamya za kangalawa kopepuka koti munthu azikasenzetsa padenga pa galimoto popita kokapumula kunyanja, Kirby, monga achitira anthu ambiri khutu likakhala pa lamya ndi dzanja pa pensulo, anayamba kulembalemba papepala maonekedwe a chimene mnzakeyo analikufuna. Ndipo palibe mwa awiriwo amene akanalota kuti kachithunziko kadzabala ngalawa zoposa 200,000, kapena kuti anyamata ndi asungwana a mitundu yonse adzakalimbirana mendulo za Olimpiki atakwera chipatso cha kucheza kwawoko. Kirby sanaphunzire za kamangidwe ka zombo kusukulu ayi. Iye anali mtolankhani, mkonzi wa magazini ya amalinyero, koma madzi analikuwadziwa bwino, pakuti anali ataimirirapo dziko lake pa masewera a Olimpiki a 1956 ndi 1964 m'ngalawa ina ya munthu mmodzi yotchedwa Finn. Thanga loyamba analisoka Hans Fogh, mbadwa ya ku Denmark imene inasamukira ku Toronto, ndipo ndiyenso anayendetsa ngalawayo pa mpikisano wake woyamba m'chaka cha 1970 pa Lake Geneva ku Wisconsin, isanalandire n'komwe dzina lakuti Laser. Pamene anaionetsa kwa anthu ku New York kumayambiriro a 1971, zinagulidwa ngalawa 144 pa chionetsero chimodzi chomwecho.

Ngalawayi siili ndi ulemerero wodabwitsa diso. M'litali muli mamita 4.2, m'lifupi simukwana mita ndi theka, ndipo thunthu lake, lopangidwa ndi fibreglass, lilemera makilogalamu ngati 59, kotero kuti anthu awiri alinyamula popanda kubuula. Chimene chinaikweza pamwamba pa zinzake ndicho lamulo limene eni ake anaika pachiyambi pomwe, lakuti ngalawa zonse za mtundu uwu zikhale zofanana, thunthu, mlongoti, thanga ndi tsigiro, ndi kuti chilichonse chimene malamulo sanachilole mwachindunji chikhale choletsedwa. M'mitundu ina ya ngalawa zothamanga mwini chuma akhoza kuitana mmisiri namuuza kuti amupangire thunthu lopepuka koposa kapena thanga la nsalu yachilendo, napambana ndi thumba lake asanakhudze madzi; koma pano mwana wa mfumu ndi mwana wa mlimi akwera chinthu chimodzimodzi, ndipo pa mipikisano ina yaikulu okonza masewera ndiwo abweretsa ngalawa zatsopano nazigawira opikisana, kuti pasapezeke wonena kuti anagonja chifukwa cha chipangizo. Chosiyana n'chimodzi chokha, ndicho kukula kwa thanga monga mwa thupi la woyendetsa: lalikulu, la masikweya mita 7.06, liyenera munthu wolemera makilogalamu ngati 80. Lapakati, la 5.76, limene lidziwika ndi dzina lakuti Radial, ndilo akazi apikisana nalo ku Olimpiki kuyambira 2008; ndipo laling'ono, la 4.7, ndilo la achinyamata. Thunthu ndi lomwelo, chigawo chapamwamba cha mlongoti ndi chomwecho. Munthu akamakula angosintha thanga ndi tsinde la mlongoti. Ine ndiyesa kuti m'menemu ndimo muli kukoma konse kwa ngalawayi ndi nkhanza zake zomwe, chifukwa wotsalira m'mbuyo alibe wina womuloza chala.

Ntchito iyambira pamtunda. Woyendetsa atembenuza ngalawa kuti mphuno yake ipenye kumene mphepo ichokera, alumikiza zigawo ziwiri za mlongoti, nalowetsa mlongotiwo m'mpendero wautali umene unasokedwa m'mbali mwa thanga, nalonga timitengo titatu topyapyala m'matumba ake kuti m'mphepete mwa thanga musapindike. Pamenepo aimika mlongoti wonse, thanga lili pomwepo, naugwetsera m'dzenje lake la m'thunthu. Mlongoti umenewu ulibe mawaya ougwiriziza kumbali monga wa ngalawa zina, uima wokha m'dzenjemo, ndipo tsiku la mphepo yamphamvu kuuimika ndiko kulimbana koyamba, pakuti thanga likupiza ndi kukoka ngati lifuna kuthawa m'manja. Ukaima, abweretsa mtanda wogona umene ugwira thanga kunsi, aulowetsa pa kachitsulo ka pa mlongoti, namanga ngodya ya kumbuyo ya thanga pa mtandapo zolimba, kuti pasakhale mpata pakati pa nsalu ndi chitsulo. Kenaka apisa chingwe chachikulu m'timawilo take, kuchokera kumbuyo kufikira pakati pa ngalawa pamene dzanja lichigwirira, osaiwala kumanga mfundo kunsonga kwake kuti chisapulumuke. Tsigiro alikoleka kumbuyo. Chipsepse, ndilo thabwa lalitali lolowa m'madzi kupyolera pa mng'alu wa pakati pa ngalawa, achimangirira ndi mphira kuti chisatayike ngalawa ikagubuduka. Mlongoti nawo aumanga ndi kachingwe pa chifukwa chomwecho, ndipo malamulo a mpikisano salola kutuluka popanda kachingweko. Chotsiriza, chimene chili chaching'ono koposa zonse koma chachititsa manyazi akatswiri ambiri, ndicho kutseka kabowo kotayira madzi kumbuyo kwa thunthu. Woiwala kutero achoka pagombe mokondwa, nayamba kudabwa pakati pa nyanja kuti ngalawa yake yalemera bwanji.

Tsono nzeru yeniyeni ya ngalawayi ili m'tizingwe titatu timene mlendo sangatisamale n'komwe, koma timene tisandutsa thanga limodzi kukhala matanga ambiri. Thanga lotukuka mimba likoka mwamphamvu, ndipo likoma mphepo ikakhala yochepa kapena mafunde akakhala otsekereza njira. Thanga lophwatalala litaya mphamvu, ndipo ndilo lipulumutsa munthu mphepo ikakula kuposa thupi lake. Kachingwe koyamba, outhaul, kakokera ngodya ya thanga kunsonga ya mtanda, ndipo ndiko kalamulira kutukuka kwa m'munsi. Ambiri ayesa ndi chikhato chawo mpata wa pakati pa nsalu ndi mtanda, nachepetsa mpatawo mphepo ikamakula. Kachiwiri, cunningham, kamene kanatenga dzina la Briggs Cunningham, amene anapambana mpikisano wa America's Cup m'chaka cha 1958, kakokera pansi mbali ya thanga yoyandikana ndi mlongoti, kotero kuti mimba ya thanga isendera kutsogolo ndipo pamwamba pake patseguka kuti mphepo yotsala ipulumukirepo. Pa mphepo yayaziyazi akasiya kolefuka, makwinya naoneka pansalu, koma pa mphepo yaukali akakoka ndi mphamvu zonse za mkono. Kachitatu, vang, kachokera patsinde pa mlongoti kukagwira mtanda ndi kuukokera pansi, ndipo pochita zimenezo kapinda mlongoti ngati uta, thanga naliphwatalala. Pa zaka zoyamba kachingwe aka kanali ndi timawilo tochepa, kongochulukitsa mphamvu ya dzanja katatu, mwakuti amalinyero analikuchita kupondereza mtanda ndi thupi lonse kuti akakoke. Masiku ano malamulo alola timawilo tochulukitsa mphamvuyo kufikira ka 15, ndipo ngakhale msungwana wochepa thupi akhoza kusintha thanga ali pakati pa mafunde osachoka pamalo pake. Kusinthaku kulibe tsiku lokhazikika ngati kudzoza girisi. Mphepo ikawonjeza akoka, ikalefuka amasula, pokhota pa chizindikiro choyandama cha njira ya mpikisano asinthanso zonse zitatu m'kamphindi, dzanja lina lili pa tsigiro.

Anthu a m'mbali mwa nyanja yathu, amene anazolowera kuona asodzi akutambasula nsalu kuti mwera kapena mpoto uwakankhe kumbuyo, akhoza kuzizwa pomva kuti ngalawa iyi ipita kumene mphepo ichokera. Siilunjika m'maso mwa mphepo ayi, palibe ngalawa ya thanga ikhoza kutero. Koma ipendekera madigiri ngati 45, niyenda mokhotakhota, kulamanja ndi kulamanzere, kufikira itafika kumene ifuna. Chinsinsi chake n'chakuti mphepo yodutsa mbali zonse ziwiri za thanga lokhota ilikokera kumbali ndi kutsogolo pang'ono, monga ichitira ndi phiko la ndege, ndipo chipsepse cha pansi pa madzi chikana kuti ngalawa itengeke cham'mbali, kotero kuti mphamvu yotsalayo iithamangitsira kutsogolo. Koma mphamvu yomweyo ifunanso kuigwetsa, ndipo popeza pansi pake palibe chitsulo cholemera choiimika, cholemeretsa chake ndiye munthu mwini. Iye akoleka mapazi m'lamba wa pakati pa ngalawa, natulutsa thupi lonse kunja kuyambira m'ntchafu, msana uli lende pamwamba pa madzi, dzanja lina lagwira ndodo ya tsigiro, lina chingwe chachikulu chimene wachikoka mpaka timawilo ta kumbuyo tagundana, maso ali pa timaulusi tomatidwa pathanga timene timuuza ngati walunjika kwambiri kumphepo kapena wapatuka. Ngalawa yoyenda choongoka ithamanga, yopendekeka ikokera kumbali ndi kuchedwa. Chifukwa chake amene ntchafu ndi mimba yake zipirira ululu nthawi yaitali ndiye atsogola, ndipo mpikisano umodzi utha mphindi 45 kapena kuposerapo, nthawi zambiri iwiri kapena itatu pa tsiku. N'chifukwa chake akatswiri ali ndi benchi kunyumba kwawo lopangidwa monga m'mbali mwa ngalawa, pamene alendewera madzulo kulimbitsa minofu, ndiponso apalasa njinga maulendo ataliatali. Pokhota, munthu akankha tsigiro, nawerama pansi pa mtanda umene pa mphepo yaikulu utsika kufupi ndi thunthu, nalumphira tsidya lina, nasinthanitsa chingwe ndi ndodo kumbuyo kwa msana wake osapenyako. Ndipo wochita izi mwaulesi ngalawa imuimira mphuno ili kumphepo, thanga likungokupiza, anzake namupitirira.

Wina angayese kuti potembenuka kuti mphepo ikhale kumbuyo ndiye kuti mavuto atha. Kutalitali! Asanapatuke n'komwe ayenera kumasula vang, pakuti akapanda kutero nsonga ya mtanda ikhudza madzi, ngalawa nikana tsigiro nigwa, ndipo mlongoti womwe ukhoza kupindika osawongokanso. Akapatuka akweza chipsepse pang'ono, natayira thanga kutali, ndipo pamenepo ngalawa, yopepuka monga ili, idzuka pamwamba pa madzi niyamba kutsetsereka pa mafunde ndi liwiro loledzeretsa. Akatswiri a masiku ano salunjika chizindikiro mowongoka. Akhotera uku ndi uku kusaka funde loti liwanyamule, ndipo kawirikawiri apatuka mopitirira mpaka mphepo iyamba kulowa pathanga kuchokera m'mphepete mwake mwa kumbuyo, kayendetsedwe kamene amalinyero akale akanakayesa misala. Mphotho yake ndi liwiro, koma ngozi yake ndi kugwa koipa koposa konse, pamene ngalawa iyamba kudzandira, nigwera mwadzidzidzi mbali imene munthu wakhala, mtanda uli m'mwamba, mwini wake ali m'madzi asanazindikire chimene chachitika. Mankhwala ake ndi kukoka chingwe chachikulu msanga kudzandirako kukangoyamba. Palinso kamsampha kena kodziwika kwa aliyense wokwera Laser, kakuti posamutsa thanga kuchoka mbali ina kupita ina mphepo ili kumbuyo, chingwe chikonda kukodwa pangodya ya kumbuyo kwa thunthu, ndipo wosachikoka mwachangu pa nthawi yake asambira.

Walira mvula walira matope: kugubuduka ndi gawo la masewerawa, ndipo palibe katswiri amene sanamwepo madzi. Wochenjera, poona kuti ngalawa yapita, akwera pamwamba pa mbali yake natsikira pa chipsepse, naidzutsa ndi kulemera kwake, nabwereramo zovala zili zouma. Wogwera m'madzi asambira kuzungulira kumbuyo, nagwira chipsepse, nachikokera pansi mpaka thanga litatuluka m'madzi. Koma ayenera kuyamba wapenya kumene mlongoti wagonera, chifukwa ukagonera kumene mphepo ichokera, mphepoyo ilowa pansi pa thanga niiponyera ngalawa tsidya lina pamwamba pa mutu wake. Lamulo losasweka ndi lakuti munthu avale jekete yoyandamitsa ndipo asasiyane ndi ngalawa yake, pakuti thunthu lake silimira ndipo opulumutsa aliona patali, pamene mutu wa munthu pakati pa mafunde suoneka.

Popeza ngalawa zonse n'zofanana, mpikisano usandukanso wa mutu, ndipo palibe nkhani ionetsa zimenezi bwino kuposa ya Robert Scheidt wa ku Brazil ndi Ben Ainslie wa ku Britain. Laser inalowa m'masewera a Olimpiki m'chaka cha 1996, pamene za pamadzi zinachitikira ku Savannah. Ndipo pofika mpikisano wotsiriza, Scheidt, podziwa kuti onse awiri akachotsedwa golide akhala wake chifukwa cha mapointi a masiku apitawo, anadutsa mzere woyambira nthawi isanakwane, Ainslie, mnyamata wa zaka 19, namutsatira, ndipo onse anachotsedwadi, wachikulireyo natenga golide, mnyamata siliva. Koma mlandu suola. Patapita zaka zinayi, ku Sydney m'chaka cha 2000, Ainslie anawerenga bwino mapointi naona kuti njira yake yokha ndiyo kumutsekereza Scheidt kuti atsirize kutali kumbuyo; tsono anasiya ena onse apite, nakakamira mdani wakeyo, kumuphimba mphepo ndi thanga lake, kumutsekera njira iliyonse monga malamulo alolera, mpaka awiriwo anatsalira kumbuyo kwenikweni kwa gulu. Scheidt anapulumuka pambuyo pake napitirira ngalawa zambiri, koma sizinakwanire, ndipo oweruza anamupezanso wolakwa pa kugundana kumene kunachitika pakati pawo. Ena anati Ainslie anachita zosayenera mwana wa mfulu. Ine ndiona kuti anangobweza mbale ndi ndiwo zimene anapatsidwa, ndipo sanaswe lamulo. Scheidt anatenganso golide ku Athens mu 2004, Ainslie atasamukira ku Finn. M'zaka zathu zino a ku Australia ndiwo agwira ufumu pakati pa amuna, kuyambira Tom Slingsby mu 2012, Tom Burton mu 2016, kufikira Matt Wearn amene anapambana ku Tokyo, napambananso ku Marseille mu 2024. Pakati pa akazi Marit Bouwmeester wa ku Netherlands anatenga golide mu 2016 ndi mu 2024. Ndipo anansi athu a ku Mozambique anatumiza Deisy Nhaquile ku masewera a Tokyo m'ngalawa ya Radial. Owerenga akaona dzina lakuti ILCA pa nkhani za masiku ano asasokonezeke: ndi ngalawa yomweyo, imene inasintha dzina pambuyo pa mkangano ndi mwini dzina lakale umene unafika pachimake mu 2019, ndipo matanga atatu aja tsopano atchedwa ILCA 7, ILCA 6 ndi ILCA 4.

Kwatsala mbali imene ojambula zithunzi saifuna, koma imene ilekanitsa ngalawa yotha zaka makumi atatu ndi yofa itatha zisanu. Mdani woyamba ndi mchenga. Mlongoti uzungulira m'dzenje lake nthawi iliyonse thanga likasuntha, ndipo mchenga ukagweramo, tsinde la mlongoti liupera pansi pa dzenjelo monga munsi mu mtondo, tsiku ndi tsiku, mpaka pansipo papyapyala ndi kung'aluka. Ndipo tsiku lina la mphepo yaikulu dzenje lonse lithyoka, mlongoti nugwa ndi kung'amba pamwamba pa ngalawa, kuwonongeka kumene kukonza kwake kudya ndalama zoposa mtengo wa ngalawa yakale. Mwini wosamala apukuta tsinde la mlongoti asanauimike ndipo atsuka dzenjelo pobwera. Mdani wachiwiri ndi kagonekedwe koipa: thunthu losiyidwa pamimba pake pa matayala kapena pa ngolo yosayenera lifewa ndi kubonyoka pang'onopang'ono, ndipo thunthu lofewa silithamanganso; thunthu liyenera kugona chafufumimba kapena kutsamira pa milomo yake ya m'mbali, pamene pali polimba, kabowo ka kumbuyo kali kotsegula kuti chinyezi chituluke. Wachitatu ndi mchere, kwa iwo a kunyanja zazikulu, umene udya aluminiyamu pamalo ponse pamene akhudzana ndi chitsulo cha mtundu wina, makamaka pa misomali ya pamphambano ya zigawo ziwiri za mlongoti, pamene milongoti yambiri ithyokera. Pa ichi madzi opanda mchere a nyanja ngati yathu ali ndi chifundo, koma dzuwa lathu lilibe, pakuti lipsereza nsalu ya thanga ndi kupinda chipsepse chosiyidwa pa mchenga wotentha kapena m'galimoto yotseka. Thanga silifuna kupindidwa m'makwinya omwewo masiku onse, koma kukulungidwa litauma. Silifunanso kusiyidwa likukupiza pagombe mwini wake ali kucheza, chifukwa kukupizako kulikalambitsa msanga kuposa mpikisano. Zingwe zipenyedwe pamene zikhuzana ndi timawilo, lamba wa mapazi apenyedwe pa zomangira zake, pakuti akaduka munthu ali lende agwa chagada m'madzi ngalawa nipita yokha. Ndipo tizipsera ta pa tsigiro ndi chipsepse tisalazidwe tisanakule.

Zilipo ngalawa za munthu mmodzi zothamanga kuposa iyi. International Moth, imene iuluka pamwamba pa madzi itaimirira pa timapiko ta pansi, ndipo imene Rohan Veal wa ku Australia anapambana nayo mpikisano wa dziko lonse mu 2005 ikuuluka motero, isiya Laser kutali ngati yaima. Koma mtengo wake ndi woopsa, ndipo kamangidwe kake kasintha chaka ndi chaka, mwakuti ya dzana yakalamba kale. Laser ya zaka makumi awiri, ikakhala youma m'kati ndi yolimba, iphunzitsa mwana zonse zimene yatsopano ikanamuphunzitsa, ndipo n'chifukwa chake makalabu a m'maiko osauka ayambira pa zakalezo. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Utoto wowala usanyenge munthu. Amene mufuna kugulira kalabu kapena sukulu yanu ngalawa yogwirapo kale ntchito, inyamuleni mumve kulemera kwake, tsegulani kabowo ka kumbuyo muone ngati mutuluka madzi, sindikizani ndi chikhato pamene woyendetsa akhala muone ngati pafewa, ndipo potsiriza dzazani madzi m'dzenje la mlongoti mpaka pakamwa ndi kudikira kanthawi. Madziwo akatsika, musapereke ndalama zanu kufikira dzenjelo litakonzedwa.